Mlendo wa pa piyano uja, ntchito yake n'chiyani?

Mayi ena amene amagwira ntchito ku Manchester andilembera imelo. Mnzawo wawapatsa tikiti ya konsati ya okesitira (gulu lalikulu la oimba ndi zida zosiyanasiyana), ndipo papulogalamu palembedwa nyimbo ya wopeka nyimbo Haydn, kenako Piano Concerto No. 20 ya Mozart, yomwe adzaimbe ndi mlendo woitanidwa. Akufunsa kuti: "Mlendoyu amachita chiyani kwenikweni, nanga m'manja ndiombe nthawi iti kuti ndisachite manyazi?"

Mayi, tikitiyo musabweze, pitani ndithu.

Woimba piyanoyo si wa gululo. Amayendayenda m'mizinda, ndipo kawirikawiri amayeserera ndi gulu kamodzi kapena kawiri basi. Chimene chidzakudabwitseni n'chakuti akadzalowa n'kukhala pampando, adzangoika manja pamiyendo, phee, kwa mphindi ziwiri kapena kupitirirapo, mavayolini akung'ung'udza pansipansi ngati mvula ikubwera chapatali. Sanaiwale ayi. Nyimbo yamtunduwu, yotchedwa concerto, ndi kukambirana kwa mlendo ndi gulu. Gulu limayamba kuyala nkhani, mlendo akumvetsera, ndipo piyano ikalowa imabwera ndi kanyimbo kakekake kofatsa, komwe gulu silinaimbepo. Ine pamenepa mtima umandigunda nthawi zonse, ngakhale ndaimva kambirimbiri.

Mozart mwiniwake ndiye anali pa piyano pomwe nyimboyi inamveka koyamba ku Vienna pa 11 Febuluwale 1785, bambo ake a Leopold ali pomwepo. Piyano yake inali yaing'ono, ya makiyi 61, pomwe ya masiku ano ili ndi 88.

Tcherani khutu chakumapeto kwa gawo loyamba la nyimboyi. Gulu lonse lidzaima, wotsogolera n'kutsitsa kandodo kake, mlendo n'kutsala yekhayekha. Malo amenewa amatchedwa cadenza, ndipo ndi pomwe woimba amaonetsa luso lake lonse. Cadenza ya Mozart ya nyimboyi sinatipeze yolembedwa, n'chifukwa chake ambiri amaimba imene Beethoven, wopeka nyimbo wina wotchuka, anailembera. Mudzamva kusiyana: ndi yaukali, yamdima. Yang'anani wotsogolera akamakwezanso manja pang'onopang'ono, maso ali pa zala za mlendo, kudikira kuti alowetse anzake.

Za m'manja ndi zosavuta. Nyimboyi ili ndi magawo atatu, yonse pafupifupi theka la ola, ndipo mwambo wa lero ndi kudikira mpaka gawo lachitatu lithe. Pakati pa magawo pamakhala kachetechete, anthu akutsokomola ndi kusuntha pamipando. Gwirani manja anu mpaka mlendo ataimirira.

Koma mukaomba msanga, musadzione ngati mwalakwa kwambiri. Mu 1778 Mozart analembera bambo ake kalata kuchokera ku Paris, akusangalala kuti anthu anaomba m'manja nyimbo yake ili mkati. Anaika dala malo oti awakondweretse choncho.

Ngati n'kotheka kusintha mpando, pemphani wa kumanzere kwa holo, chifukwa kumeneko n'komwe zala zimaoneka.