Bot yanuyo ikalonjeza, adzalipire ndani?

Achimwene, funso lanu loti muike kapena musaike bot (pulogalamu yoyankha mauthenga yokha) ya pa WhatsApp yoti iziyankha makasitomala pa paki ya ana mukumangayo landitosa pachilonda, ndiye mundipirire, ndilemba zambiri. Enawa akungoti ikani basi, ndi zamakono, simudzalipira munthu. Ine inandigwetsa bot yotereyi, ndipo mpaka lero kutchalitchi kwathu kuno ku Johannesburg kuli amayi ena amene amandipatsa moni atayang'ana kumbali.

Ndimayang'anira Sande sukulu. Tinagwirizana kuti chaka chikamatha tikawasangalatse ana ku paki ina yaing'ono kunja kwa tauni, dzina sinditchula. Makolo ambiri a anawa ndi antchito a m'nyumba, a m'magadeni, ena alonda. Ndalama anasonkha pang'onopang'ono, ena kuchita kukongola. Foni ya paki ija inkangolira osayankhidwa, koma pa webusaiti pawo panali kabokosi kolankhula. Ndinakafunsa bwinobwino: gulu la ana a tchalitchi, Loweruka, mtengo ndi wotani, nanga a zaka zisanu amakwera? Kanayankha mwaulemu kuposa munthu. Kanati magulu a sukulu ndi a tchalitchi amalipira mtengo wotsika tsiku lililonse, tingobwera ndi kalata ya abusa, ndipo mwana wa zaka zisanu amakwera zonse bola pali wamkulu. Ndinafunsanso mwa njira ina kuti nditsimikize, kanabwereza zomwezo, mpaka kunena kuti akutidikira ndi chimwemwe. Bajeti yonse ndinaimanga pa mawu amenewo, ndipo ndinaiwerenga pamaso pa mpingo.

Tinafika ndi maminibasi awiri, madalaivala n'kutitsitsa n'kupita, kuti adzatitenga madzulo. Dzuwa la Disembala likuswa mtengo. Ana atchena zovala za Khirisimasi, ena nsapato zatsopano zikuwaluma. Ukaima poimika magalimoto paja, chiwilo chachikulu chozungulira chija chimaoneka chonse, ndipo kukuwa kwa amene ali pa kasitima kokwera ndi kutsika kaja kumamveka ngati ali pambali pako. Ana anali atayamba kale kudumpha ndi kugawana kuti uyu akhala ndi uyu. Ndikufika pazenera, mtsikana wogulitsa matikiti akuti mtengo umenewo Loweruka kulibe, ngwa pakati pa sabata, komanso umayenera kudzaza fomu ndi kulipiriratu gawo lina. Ndinamuonetsa foni. Anaitana abwana ake.

Bambo ameneyo sindidzamuiwala. Anabwera ndi wailesi yake m'chiuno, kutenga foni yanga, kuyendetsa ndi chala chimodzi uku akumwetulira. Atamva kalankhulidwe kanga anayamba kundilankhula pang'onopang'ono ngati wogontha. Akuti kabokosi kaja n'kongothandiza anthu kudziwa zina ndi zina, palibe munthu wa paki amene anandilonjeza kanthu. Ndiye anandifunsa, munalankhula ndi ndani, dzina lake ndani? Apo ndinasowa chonena, chifukwa dzina panalibedi. Kumbuyo kwanga mzere ukukula, anthu akung'ung'udza, ana akukoka malaya anga kuti aphunzitsi tilowa nthawi yanji. Ndinakhala pa kakhoma ka simenti n'kukhuthula envelopu pamiyendo. Ndinatenga ya nkhomaliro yonse, ndinatenga ya ayisikilimu, ndinawonjezera ya lendi yanga. Amayi awiri amene anatiperekeza anati iwo atsala kunja kuti ana akwanire, ndipo anakhaladi kunja tsiku lonse pansi pa kamtengo kopanda mthunzi weniweni.

Ndimati zathera pomwepo. Tikulowa, pa chokwera chilichonse chabwino pali ndodo yoyezera msinkhu. Panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, amayi ake anakamanga tsitsi bwino pamwamba pa mutu ndi kansalu kofiira. Mnyamata woyeza uja anatenga kathabwa n'kudinikiza tsitsilo mpaka kugunda mutu, kanapelewera ndi zala ziwiri. Sikanalire poyamba. Kananyang'ama kuti katalikeko, mnyamatayo n'kukagwira paphewa kukatsitsa. Mchimwene wake analowa, iko kanatsala kakugwira mpanda. Ang'onoang'ono onse zinawachitikira zomwezo, tikiti talipira yathunthu, koma iwo tsiku lonse anangozungulira pa timahatchi tamatabwa. Chakudya cha kunja salola kulowa nacho, chamkati mtengo wake wosayamba, ndiye ana anamwa madzi a pampopi wa kuchimbudzi. Potuluka njira ndi imodzi yokha, yodutsa pakati pa sitolo ya zidole ndi maswiti. Tangoganizani kudutsitsa ana anjala pamenepo uli wopanda ndi senti yomwe.

Usiku womwewo gulu la makolo linayaka moto. Ndalama ya nkhomaliro yapita kuti, mwana wanga wabwera ndi njala, aphunzitsi adya ndalama. Ndinaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo ngati wakuba. Chinandipulumutsa ndi zithunzi za macheza aja zimene ndinali nditajambula pafoni. Mkulu wina anawerenga n'kunena kuti, inunso mungakhulupirire makina? Ine ndinati sindinakhulupirire makina, ndinakhulupirira paki, chifukwa chizindikiro chawo chinali pamwamba pa kabokosiko.

Ndodo yoyezera ija sindidana nayo. Chitsulo chotsekera pampando chinapangidwira thupi la msinkhu winawake, mwana wamng'ono akhoza kupulumukira pansi pake. Chimene ndimadana nacho ndi pomwe anaiika, mkati, utalipira kale. Anthu omanga mapaki sachita zinthu mwangozi. Walt Disney atatsegula Disneyland ku Anaheim, California, mu 1955, anaika nyumba yooneka ngati yachifumu kumapeto kwa Main Street, msewu waukulu wolowera m'pakimo, dala kuti maso akaiona miyendo izipita yokha, ndipo nsanjika zam'mwamba za nyumba za mumsewuwo anazimanga zocheperako kuti zizioneka zazitali kuposa mmene zilili. Mzere wokhotakhota uja cholinga chake n'choti usaone kutalika kwake. Khomo lotulukira kudzera m'sitolo nalonso ndi dala. Paki imalankhula ndi mwana isanatulutse liwu ndi limodzi lomwe, ndipo chiwilo chooneka kuchokera poimika magalimoto chinali chitawauza kale ana athu kuti lero mukwera. Amene anamanga malowo ankadziwa kuti kholo limene lafika pageti ndi mwana amene waona kale chiwilo silingabwerere, lilipira basi.

Kale ndikuchita maphunziro a usiku tinawerengako za J. L. Austin, mphunzitsi wa ku Oxford, amene buku lake linatuluka mu 1962 iye atamwalira kale. Mfundo yake inali yakuti mawu ena safotokoza chinthu, amachita chinthu. Ukati ndikulonjeza, ngongole yabadwa pomwepo. Koma anatinso mawuwo amagwira pokhapokha wowanenayo ali woyenera kuwanena, pamalo oyenera. Ifeyo izi timazidziwa kalekale pa chinkhoswe. Mnyamata anganene zokoma zonse kwa mtsikana, koma banja limaima chifukwa pali ankhoswe, anthu odziwika maina ndi makomo awo, oti zikavuta uwapeze. Bot imalankhula bwino kuposa mnyamata aliyense, koma ikapanda mwini wake kuivomera, ilibe nkhoswe. Bambo wa wailesi m'chiuno uja anabisala pamenepo. Tsiku limene kabokosiko kakukopa makasitomala n'kawo, tsiku limene kalonjeza zowadula ndalama n'kamasiye.

Ndipo musaganize kuti chinyengo chimenechi chimagwira kulikonse. Ku Canada bambo wina agogo ake atamwalira mu 2022 anafunsa bot ya kampani ya ndege ya Air Canada za mtengo wotsika wa anamfedwa. Inamuuza kuti agule tikiti kaye, adzapempha kubwezeredwa pasanathe masiku 90, pamene lamulo la kampaniyo silinali choncho. Nkhani itafika ku bwalo loweruza timilandu ting'onoting'ono ku British Columbia, kampaniyo inayesa kunena kuti bot ndi yodziimira payokha. Mu Febuluwale 2024 bwalolo linakana, linati zonse zili pa webusaiti yanu ndi zanu, ndipo linailamula kulipira madola a ku Canada opitirira pang'ono 800. Nditaiwerenga ndinaseka ndekha ngati wamisala. Kwina ku California, kumapeto kwa 2023, anthu ananyengerera bot ya ogulitsa magalimoto a Chevrolet mpaka inavomera kugulitsa galimoto yatsopano pa dola imodzi.

Chifukwa chimene bot zimanenera zabodza n'chosavuta. Makina awa, a mtundu wa ChatGPT, anaphunzira pa zolembedwa zambirimbiri kuti liwu lotsatira loyenera ndi liti. Ukawafunsa mtengo wa gulu Loweruka, ngati mwini wake sanawapatse yankho lenileni, samangokhala chete, amapanga yankho lofanana ndi limene mapaki ambiri amapereka, ndipo amalinena molimba mtima chimodzimodzi ndi zoona. Anthu amakangana ngati makinawa amamvadi zimene akunena, katswiri wa nzeru zakuya John Searle anakoleza mkangano umenewu mu 1980 ndi fanizo lake la munthu wotsekeredwa m'chipinda akuyankha Chitchaina potsata buku la malamulo koma osamva ndi liwu limodzi. Ine za kumva kapena kusamva zilibe nane ntchito. Ndikufuna kudziwa kuti ikanama, lendi yanga abweza ndani.

Tsono malangizo anga, ndipo ena museka: ikani bot yanuyo. Inde, ikani. Kabokosi kaja n'kokhako kamene kanandiyankha pamene foni inkangolira, ndipo pa onse a paki ija n'kokhako kamene kanandilankhula mwaulemu. Amene anandichititsa manyazi pamaso pa ana anali munthu wa magazi. Kholo limene likuweruka usiku likufuna kufunsa nthawi imeneyo, inu muli mtulo. Kungoti za ndalama, za msinkhu wa ana ndi za chitetezo musailole kuyankha za m'mutu mwake. Muilembere mawu enieni oti izingobwereza, ndipo funso likakhala la gulu izinena kuti dikirani, munthu akuimbirani, n'kupereka dzina la munthuyo. Ikadzalakwitsa, ndipo idzalakwitsa, mudzalemekeze zimene yanena kwa kasitomala ameneyo kenako mukaikonze. Kutaya ndalama ya matikiti angapo n'kochepa poyerekeza ndi mpingo wonse kumakunenani, komanso kwathuko kuli a Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, wina wolimba mtima kuposa ine akhoza kukakusumirani.

Ndodo yoyezera muiike kunja kwa geti, pafupi ndi poimika magalimoto, ndipo mwana wosafika msinkhu azilipira zochepa. Ikani mpopi wa madzi akumwa posakhala kuchimbudzi, ndi mabenchi a mthunzi a operekeza amene sakulowa. Sitolo potulukira ikani ndithu, bizinesi ndi bizinesi, koma musiye kanjira kena kambali.

China, muiyese m'Chichewa musanaitulutse. Google Translate inayamba Chichewa mu 2014 koma mpaka pano makinawa amadziwa Chingelezi kwambiri kuposa chilankhulo chathu, chifukwa zolembedwa zathu pa intaneti n'zochepa. Musaiyese ndi Chichewa cha m'buku ayi. Mupatse foni mlamu wanu kapena mayi wogulitsa mandasi pafupi nanu, alembe mmene amalembera masiku onse, mawu odukaduka, osakaniza ndi Chingelezi, ena kutumiza mawu ojambula m'malo molemba. Muone ngati mtengo umene ikuwauza iwo ndi womwewo umene ikukuuzani inu.