Fyuluta ya micron zingati? Yankho kwa mayi a ku Area 49

Mayi ena a ku Area 49 anandilembera imelo. Anakumbitsa mjigo pakhomo n'kuikamo pampu yamagetsi, ndipo madzi amakwera m'thanki imene ili pasitandi ya mamita 4. Madziwo amabwera ndi timchenga, m'ndowa mumatsala nsenga zofiira. Kuhadiweya anawagulitsa fyuluta ya 1 micron, ati ndiyo imasefa bwino kuposa zonse, koma pasanapite nthawi shawa inayamba kungodontha. Akufunsa kuti agule iti, komanso ngati madzi osefedwawo ndi abwino kumwa.

Mayi, zikomo polemba. Fyuluta munagulayo si yachinyengo ayi, yangopatsidwa ntchito yosakhala yake.

Nambala imene imalembedwa pa katiriji, chosefera chimene chimalowa m'kati mwa chigubu cha fyuluta, imanena kukula kwa tizinyalala timene iyenera kugwira. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi 70 micron, ndipo diso silitha kuona kanthu kochepera 40. Mchenga wosalala umayambira cha pa 60 kupita m'mwamba. Ndiye mukaika 1 micron kutsogolo kwenikweni, mchenga wonse ndi matope onse zimaunjikana pa timabowo tating'ono kwambiri, fyuluta n'kutsekeka nthawi yomweyo.

Chachiwiri, chimene ogulitsa ambiri safunsa n'komwe, ndi mphamvu ya madzi anu. Thanki ikakhala mamita 10 m'mwamba imapereka pafupifupi 1 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi). Yanu ya mamita 4 ikupereka 0.4 bar basi, ndipo poti shawa ili pafupifupi mamita 2 kuchokera pansi, theka la mphamvuyo latha kale madzi asanatuluke. Madzi ofooka chonchi amafookeratu 1 micron ikangoyamba kutsekeka.

Musanagulenso chilichonse, tungani madzi ochokera kumjigo m'botolo loonekera mkati, makamaka mvula itagwa dzulo lake. Likhazikeni patebulo muliyang'ane. Zimene zagwa pansi mphindi imodzi isanathe, zokhakhala mukazipekesa ndi zala, ndi mchenga. Zimene zadikha patapita ola kapena awiri, zoterera ngati phala, ndi matope osalala. Ngati kwacha madzi akadali mbuu, ndi dothi lomata lija losakwana 2 micron, ndipo fyuluta wamba siligwira bwino. Limafuna nthawi yodikha m'thanki. Palinso china chimene chimasokoneza anthu ambiri a mijigo: madzi kutuluka oyera mbee, koma atakhala maola angapo n'kufiira ngati dzimbiri. Chimenecho ndi chitsulo chosungunuka m'madzi. Chikadali chosungunuka chimadutsa fyuluta iliyonse ya nsenga, ndipo chimagwidwa pokhapokha chakumana ndi mpweya n'kusanduka timibulu. Ichi n'chifukwa chake fyuluta ya timabowo tating'ono iyenera kukhala kutsogolo kwa thanki, kumbali ya nyumba, osati pakati pa pampu ndi thanki.

Kwa inu ndikanachita motere. Pakati pa pampu ndi thanki pakhale sefa ya waya kapena ya madisiki, yonga imene alimi a mthirira amagwiritsa ntchito, ya 100 kapena 130 micron. Imeneyi sigulidwa kawirikawiri, mumangomasula n'kutsuka. Potuluka m'thanki ikani katiriji ya 20 micron yopindapinda, chifukwa mapindo ake amapereka malo ambiri odutsa madzi, ndipo imatsukika kangapo isanatope. Ikhale m'chigubu chonenepa chimene amati Big Blue, cha katiriji ya mainchi 4.5 m'mimba mwake, yotalika mainchi 10 kapena 20. Zowonda zija za mainchi 2.5 zimakwanira mpopi umodzi, osati nyumba yonse. Ya 5 micron, yoyera yolimba ija kapena yokulunga ulusi, ikani pa mpopi wa kukhitchini pokha. Imeneyo sitsukidwa. Ikada mpaka mkati kapena madzi akayamba kufooka, itayeni. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akuikwecha ndi bulashi n'kuibwezera, chifukwa dothi lili mkatikati mwa ulusi, kunja kwangoyera chabe.

Ngati mchenga uli wambiri, mwina pampu inatsitsidwa kwambiri kufupi ndi pansi pa mjigo. Itanani amene anaiika aikwezeko. Mchenga umadya pampu, ndipo pampu ndi yodula kuposa mafyuluta onsewa.

Muuze pulamba aike valavu mbali zonse ziwiri za chigubu, kuti posintha katiriji thanki yonse isakhuthukire pansi. Kasipanala kapulasitiki kamene kamabwera nacho musakataye. Chigubu choonekera mkati n'chabwino poti mumaona dothi ndi maso, koma padzuwa la Okutobala la kuno chimamera ndere ndipo pulasitiki yake imafumbwa. Panja ikani chabuluu, pamthunzi. Komanso funsani kaye m'mashopu awiri kapena atatu ngati makatiriji a saizi imeneyo amapezeka.

Anzathu amene ali pa mapaipi a Lilongwe Water Board nkhani yawo ndi yopepukirapo. Madzi awo, ochokera mumtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde, amakhala atasefedwa kale ndi kuthiridwa klorini, choncho fyuluta imodzi ya 10 kapena 20 micron imakwanira kuteteza giza ndi mipopi.

Tsopano za kumwa, ndipo pano ndikupemphani mundimvetse. Fyuluta ya nsenga siipha tizilombo. Mabakiteriya ambiri ndi a 1 kapena 2 micron, mavayirasi ndi ochepa kuposa pamenepo, ndipo nambala ya pa makatiriji otchipa imangotanthauza kuti amagwira zambiri za kukula kumeneko, osati zonse. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri. M'madera athu zimbudzi zokumba ndi masepitiki thanki zili pafupi ndi mijigo. Madzi akumwa, ngakhale aoneke oyera bwanji, muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a klorini a WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Ubwino wa kusefa ndi wakuti klorini imagwira bwino m'madzi oyera kusiyana ndi amatope. Mukadzafuna nyali ya UV yophera tizilombo m'madzi, 5 micron ija ikhale patsogolo pake madzi asanafike panyaliyo. Ndipo poti mjigo wanu ndi watsopano, kayezetseni madziwo ku Central Water Laboratory ya unduna woona za madzi, makamaka m'nyengo ya mvula.