Galu wadya mankhwala a makoswe koma akusewera: kodi wapulumuka?

FUNSO: A Dokotala, titakolola chimanga tinaika mankhwala a makoswe, aja abuluu, pansi pa nkhokwe. Dzulo madzulo galu wathu anadyako. Tinam'mwetsa mkaka, ndipo lero akudya ndi kusewera bwinobwino. Kodi ndiye kuti wapulumuka? Ndine mayi wa ku Ulongwe, Angónia.

YANKHO: Ayi Mayi, sanapulumuke, ndipo mkakawo sunathandize kanthu. Pitani naye lero lomwe kwa dokotala wa ziweto. Ngati simukudziwa kowapeza, kafunseni ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ziweto, paboma panupo.

Mankhwala ambiri otere amakhala ndi brodifacoum, bromadiolone kapena difenacoum. Amalepheretsa chiwindi kugwiritsa ntchito vitamini K, amene amathandiza magazi kuundana. Zoundanitsa magazi zimene zinalipo kale m'thupi sizitha tsiku limodzi, n'chifukwa chake galu amaoneka wamphamvu kwa masiku 3 mpaka 5. Zikatha, magazi amayamba kutayikira m'kati, kawirikawiri m'chifuwa kapena m'mimba, mosaonekera kunja. Apa ndi pamene eni agalu ambiri amapusitsikira. Muzitukula mlomo wake n'kuona nkhama. Zikatuwa, kapena akayamba kufooka, kutsokomola, kupuma movutika, kutuluka magazi m'mphuno, kaya kuchita chimbudzi chakuda bii, ndiye kuti zafika poipa ndipo angafunike kuikidwa magazi.

Mutenge paketi ya mankhwalawo popita. Mtundu wabuluu paokha suuza dokotala chimene chili m'katimo.

Chochiza chilipo: vitamini K1, tsiku lililonse kwa masabata 3 mpaka 4, pamodzi ndi chakudya chamafuta pang'ono kuti alowe bwino m'thupi. Onetsetsani kuti ndi K1, chifukwa K3 sagwira ntchito imeneyi. Cholakwika chachikulu ndi kusiyira panjira poona kuti galu wachira; brodifacoum amakhalitsa m'chiwindi, ndipo magazi angayambenso kutayika. Nthawi yonseyi galuyo asapite kosaka, asamenyane ndi anzake, pakuti ngakhale kabala kakang'ono kangamuphe. Pomwe n'zotheka, magazi ayezedwe pakatha masiku 2 kapena 3 mankhwala atatha.

Kusanzitsa kumathandiza m'maola 2 oyambirira, ndipo kwa galu wanu nthawiyo yadutsa. Madzi amchere ayi ndithu: mchere wambiri nawo umapha galu. Mafuta ophikira ndi makala apamoto nazonso sizichotsa poizoni.

Owerenga ena adziwe kuti si mankhwala onse amene amachedwa. Tameki, tinjere takuda tija togulitsidwa m'timapepala topanda dzina pamsika, amayamba kugwira pamphindi zochepa: galu amachucha dovu, amanjenjemera, amatsegula m'mimba. Ameneyu amafunika jekeseni wa atropine msangamsanga. Palinso zinc phosphide, ufa wotuwa wonunkha ngati adyo, umene ukakumana ndi asidi wa m'mimba umatulutsa mpweya wakupha. Galu wotero musam'patse chakudya, ndipo akamasanza akhale panja, ana atalikire, chifukwa mpweyawo umavulazanso anthu.

Za pankhokwe, misampha ndiyo yabwino pakhomo pamene pali agalu, nkhuku ndi ana. Ngati mwaika mankhwala, akhale m'bokosi lotseka lokhala ndi kabowo kolowa khoswe yekha. Makoswe akufa muziwatola m'mawa uliwonse, dzanja mutavala pulasitiki, n'kuwakwirira m'dzenje lakuya loti galu sangafukule.