Inde, Stagg anaphunzitsadi mpira mpaka kukalamba

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti ku America kunali mphunzitsi wa mpira wa m'makoleji amene anagwira ntchito mpaka kudutsa zaka 90. N'zoona. Dzina lake Amos Alonzo Stagg. Koma mpira wake ndi uja wooneka ngati dzira, wonyamula m'manja n'kumagwetsana.

Anabadwa mu 1862 ku West Orange, New Jersey, bambo ake osoka nsapato. Ku yunivesite ya Yale anapita ndi mtima wofuna ubusa, koma ataona kuti kulankhula pagulu kumamuvuta, anatembenukira ku masewera. Mu 1889 anasankhidwa m'gulu loyamba la All-America, la osewera opambana m'makoleji onse.

Mu 1892 anayamba kuphunzitsa timu ya University of Chicago, ndipo anakhalapo mpaka 1932. Apa m'pamene pamandikhudza ine. Atakwana zaka 70 anamuuza kuti akapume. Iye sanavomere kukakhala pakhonde. Anasamukira ku College of the Pacific ku California, kasukulu kakang'ono, ndipo mu 1943, ali ndi zaka 81, aphunzitsi anzake anamusankha kukhala mphunzitsi wopambana wa chakacho. Tangoganizani agogo a imvi mbuu ali pabwalo, akuonetsa anyamata kaimidwe!

Kenako anathandizana ndi mwana wake kuphunzitsa timu ya Susquehanna University, n'kudzamaliza ndi kuphunzitsa omenya mpira ndi phazi ku Stockton College. Anamwalira ku Stockton komweko mu 1965, ali ndi zaka 102.