Mwana wanu akamanyamula mnzake amene akuomberedwa m'manja

Mayi wina wa ku Mangochi wandilembera za mwana wake wamkazi wa zaka 13, yemwe ali Sitandade 8 ndipo kwa zaka ziwiri wakhala m'gulu la ana ochita masewera a gymnastics (odumpha, kutembenuka ndi kupinda thupi) pasukulu yawo. Mphunzitsi mmodzi amawaphunzitsa madzulo pabwalo, ndipo zida zawo ndi matiresi awiri akale. Chaka chino mwalowa kamtsikana ka zaka 10 komwe m'miyezi itatu yokha kadziwa kudumpha n'kutembenuka m'mwamba, chinthu chimene enawo akulimbana nacho mpaka lero. Pazionetsero, kamtsikanako kamakwera pamwamba, mwana wa mayiyu n'kukhala pansi ponyamula, ndipo tsiku lina anabwera kunyumba akunena kuti, "Ine ndine mpando wake basi." Mayiyu akufunsa ngati imeneyi ndi nsanje yofunika kumudzudzula nayo, komanso ngati kuli bwino kumuchotsa m'gululo kuti alimbikire mayeso a PSLCE.

Amayi, musafulumire kulitchula vutoli kuti ndi nsanje, chifukwa mwana amene wakhetsa thukuta zaka ziwiri n'kuona wobwera dzulo akumudutsa ali ndi chifukwa chomveka chopwetekedwera mtima, ndipo mukamudzudzula adzangophunzira kukubisirani zakukhosi. Funso loyenera kumufunsa ndi lakuti, pa tsiku limodzi la masewera, amakwera pamatiresi kangati, ndipo mphunzitsi amamuuza kangati chimene walakwitsa. M'magulu ambiri a masewerawa, chimene chimasokoneza ubale wa ana ndi kagawidwe ka nthawi ndi maso a mphunzitsi. Mwana waluso amasangalatsa kuphunzitsa chifukwa ukamuuza kamodzi amachita, choncho mphunzitsi, ngakhale wamtima wabwino, amayamba kuthera nthawi yake yambiri pa iyeyo, enawo n'kumangoima pamzere kapena kukoka matiresi. Ana amaona zimenezi msanga kuposa akuluakulu, ndipo mkwiyo umene akanaulozetsa kwa mphunzitsi, yemwe sangamuyankhe, amaulozetsa kwa mnzawoyo.

Mawu akuti "mpando" andikhudza, koma mwana wanu akudziyesa molakwika. M'nthambi ya masewerawa imene ana amanyamulana, wokhala pansi ndi wokwera pamwamba ndi maudindo awiri odziwika, ndipo pampikisano amalandira mapointi amodzi, mendulonso imakhala yofanana. Amene amaikidwa pamwamba kawirikawiri ndi wamng'ono ndi wopepuka, pamene wapansi amasankhidwa chifukwa cha mphamvu, kukhazikika kwa miyendo ndi kukhulupirika, popeza akangogwedezeka pang'ono mnzakeyo akhoza kugwera mutu. Anthu oonerera kubwalo sadziwa zimenezi, amaombera m'manja amene akumuona m'mwamba, koma mphunzitsi akuzidziwa, ndipo ndi udindo wake kuzinena poyera pamaso pa ana onse.

Ngakhale pamipikisano yaikulu padziko lonse, timu siyendera munthu mmodzi. Pamasewera a Olimpiki a ku Tokyo, amene anachitika mu 2021, katswiri wa ku America Simone Biles anasiya mpikisano wa matimu atangodumpha kamodzi, chifukwa anayamba kusokonezeka akakhala m'mwamba, osadziwa kumene kuli pansi, vuto limene likhoza kupha munthu kapena kumulumaza. Lamulo la tsikulo linali lakuti pachida chilichonse chochitirapo masewerawa achite atatu mwa anayi a m'timu ndipo mapointi a onse atatu awerengedwe, kotero Jordan Chiles, Sunisa Lee ndi Grace McCallum anamaliza okha mpikisanowo n'kutenga mendulo yasiliva, Biles akuwachemerera pambali. Chiles, yemwe kuyambira 2019 ankachitira masewera pamalo amodzi ndi Biles ku Texas ndipo ambiri ankangomudziwa ngati mnzake wa katswiri, analowa m'malo mwake pazida ziwiri zimene sanayembekezere kuchita tsikulo. Anakwanitsa chifukwa aphunzitsi ake sanasiye kumukonzekeretsa mokwanira ngakhale ankachitira limodzi ndi munthu wopambana onse.

Mwana wanu amve izinso: kuyambira 2006 kagoletsedwe ka nthambi ya masewerawa imene Biles amachita kali ndi magawo awiri, lina lowerengera kuvuta kwa zimene wachita, lina lowerengera ukhondo wa kachitidwe, loyambira pa 10 n'kumachotsedwa ukalakwitsa, ndipo kugwa kamodzi kumachotsetsa pointi yathunthu. Tanthauzo lake n'lakuti mwana wochita zinthu zosavuta koma mwaudongo, miyendo itawongoka ndi kutera osadzandira, amatha kuposa waluso amene wayesa zovuta n'kugwa. Ngati mphunzitsi sakumupatsa mwana wanu cholinga chakechake chotere, chimene angachiyeze mwezi ndi mwezi popanda kuyang'ana mnzake, pamenepo ndiye pali cholakwika.

Ndikupempheninso kuti muganizire za kamtsikana kaja, ngakhale si mwana wanu. Mwana waluso wa zaka 10 akaikidwa pakati pa akuluakulu ake amasowa mnzake weniweni, popeza amsinkhu wake wawasiya m'mbuyo ndipo amene akuchita nawo amamuyang'ana ndi diso lofiira. Amayamba kukhulupirira kuti anthu amamukonda chifukwa cha kudumpha kokha, ndiye akavulala amabisa, akachita mantha sanena. Nadia Comăneci wa ku Romania anali ndi zaka 14 pamene anapeza mapointi 10 athunthu ku Montreal mu 1976, koma bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse linakweza zaka zolowera mipikisano ya akuluakulu kufika pa 16 mu 1997, mwa zina pofuna kuteteza matupi ndi maganizo a ana. Luso la pa zaka 10 silinenanso zambiri za mtsogolo, chifukwa thupi likayamba kusintha, msinkhu ndi kulemera zimasintha kadumphidwe konse, ndipo ena amene ankaoneka apakatikati ndiwo amatsala akupitiriza. Palinso choopsa chachikulu pamene mwana mmodzi apatulidwa n'kumakhala yekha ndi munthu wamkulu ati chifukwa ndi wapadera. Ku America, dokotala wa timu ya dziko Larry Nassar anaweruzidwa mu 2018 chifukwa chochitira nkhanza zogonana atsikana ochita masewerawa kwa zaka zambiri, ndipo amayi ndi atsikana oposa 150 analankhula m'khoti. Sindikunenera mphunzitsi wa ana anuyo zoipa ayi, mwina ndi munthu wodzipereka amene salandira ngakhale tambala pantchitoyi, koma gulu labwino limakhala ndi lamulo lakuti palibe mwana wophunzitsidwa payekha popanda anzake kapena munthu wina wamkulu, ndipo makolo muli ndi ufulu wolifunsa lamulo limeneli.

Za mayeso ndiyankhe mwachidule. Madzulo awiri kapena atatu pasabata salepheretsa mwana PSLCE ngati akugona mokwanira ndi kuwerenga nthawi yake, ndipo mungagwirizane naye kuti apume kaye miyezi iwiri yomaliza. Chimene sindingakondwere nacho ndi kumuchotsa lero ali wokhumudwa, chifukwa adzatengapo phunziro lakuti wina akakuposa umachoka, ndipo ku sekondale akakumana ndi omuposa pa masamu ndi pa Chingerezi, kumene kulibe kothawira.

Ndisakunamizeni, muno m'Malawi n'kovuta kuti munthu adye za gymnastics, ngakhale waluso uja, pamene mpira wamiyendo ndi netball zatulutsa anthu monga Tabitha ndi Temwa Chawinga kapena Mwai Kumwenda amene amalipidwa kunja. Komabe ntchito zozungulira masewera zilipo, ndipo zimakonda kugwera anthu amene luso silinawabwerere mophweka, chifukwa amene anavutika kuphunzira kuima ndi manja amadziwa kufotokozera wina pamene pakulakwika, pamene waluso amangoti "ingochitani chonchi". Ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli maphunziro a sayansi ya masewera, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuli maphunziro a physiotherapy othandiza ovulala kuti ziwalo zibwerere m'chimake, ndipo makoleji a aphunzitsi monga ya ku Machinga amafuna achinyamata otha kutsogolera ana pabwalo. Kuti mwana wanu alowe yunivesite ya boma adzafunika makirediti osachepera 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa njira ziwiri zoyambazo asamale kwambiri Biology ndi masamu kuyambira Fomu 1.

Sabata ino pitani kubwaloko mukakhale pamthunzi n'kuonerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mukuwerenga mwakachetechete kuti mwana wanu wakwera pamatiresi kangati. Kenako mukaonane ndi aphunzitsiwo panokha, muyambe ndi kuwathokoza, musatchule dzina la kamtsikana kaja, ndipo muwafunse kuti pofika kumapeto kwa teremu akufuna kuti mwana wanu adzakhale atadziwa chiyani chimene sakuchidziwa lero. Akakuyankhani mosazengereza, musiyeni apitirize. Akasowa chonena, apempheni kuti agawe anawo m'magulu awiri osinthana matiresi, ndipo mudzabwerenso pakatha mwezi kudzawerenga kachiwiri.