Mlangizi akuyankha: kodi mazira tidye kapena tisiyire thadzi?

Mlimi wina woweta nkhuku zachikuda wafunsa kuti: "Tikamadya mazira, kodi khola silitha?"

Funsoli ndi lomveka, chifukwa kumudzi dzira timaliona ngati nkhuku ya mawa. Komabe thadzi lachikuda limaikira mazira pakati pa 10 ndi 15 lisanayambe kufungatira, ndipo thupi lake limafunditsa bwino mazira osapitirira 10 kapena 12. Mukalisiyira onse, a m'mphepete mwa chisa amazizidwa, ndipo pakatha masiku 21 mumapeza ena atasukusa, osapindulira khola kapena banja. Choncho sankhani mazira atsopano, aukhondo ndi opanda ming'alu kuti thadzi lifungatire, ndipo otsalawo apite kukhitchini. Chimene chimatha nkhuku m'midzi mwathu ndi chitopa, osati kudya mazira, kotero mlimi wofuna kuti khola likule alimbikire katemera wodonthezera m'diso pa miyezi itatu kapena inayi iliyonse, komanso atchinjirize anapiye kwa mphamba.

Mayi wina wafunsa ngati n'zoona kuti woyembekezera akadya mazira amabereka mwana wopanda tsitsi, ndiponso kuti mwana wamng'ono sayenera kulawa dzira.

Ndikuyankha mwaulemu kwa makolo amene anatiphunzitsa zimenezi, koma mosabisa mawu: si zoona. Tsitsi la khanda silidalira dzira limene mayi wadya, ndipo chikhulupiriro chimenechi chimamana chakudya anthu awiri amene akuchifuna kuposa wina aliyense pakhomo. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, ndipo m'kachikasu kake muli mavitamini A, D ndi B12, ayironi wothandiza kupanga magazi, komanso michere yothandiza ubongo wa mwana kukula akadali m'mimba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa, gulu la zochokera ku nyama ndi limene limasowa kawirikawiri m'mbale za ana, pamene nkhuku zikuikira kuseri kwa nyumba. Zimandipweteka mtima kuona dzira likukazingidwira mlendo kapena bambo okha, mwana akudya phala lamadzimadzi lothira mchere basi.

Mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Akafika pamenepo, phikani phala la mgaiwa lolimbirako, ndipo likatsala pang'ono kupsa muswere dzira m'kapu, mulimenye ndi supuni, mulithire mumphika n'kutakasa mpaka litapsa ndithu. Muthanso kuwiritsa dzira kwa mphindi 10, kulisenda ndi kulinyenyera m'phalamo pamodzi ndi nsinjiro. Yambani ndi pang'ono, ndipo mwana akatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kusanza atangodya, musiye kumupatsa dziralo ndipo mupite naye kuchipatala. Dzira lilibe vitamini C, motero zipatso ndi ndiwo zamasamba zisasowe, ndipo kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Ena afunsa za kumwa dzira laliwisi pofuna mphamvu. Musatero, chifukwa m'dzira laliwisi mukhoza kukhala tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, ndiponso thupi limapindula kwambiri ndi dzira lophika. Munthu wamkulu wathanzi atha kudya dzira limodzi patsiku popanda nkhawa, koma amene ali ndi matenda a shuga kapena a mtima afunse kaye kuchipatala.

Za kasungidwe, tolani mazira tsiku lililonse, musawatsuke ngati simukuwaphika nthawi yomweyo, ndipo muwaike pamalo ozizira, mbali yosongoka itayang'ana pansi. Mukakayikira, ikani dzira m'madzi: latsopano limamira, lokhalitsa limayandama ndipo liyenera kutayidwa. Zigoba musataye; ziwambeni pamoto, muzisinje bwinobwino kuti nkhuku zisazizindikire n'kuyamba kujompha mazira awo, kenako muzisakanize ndi madeya, pakuti zimathandiza matadzi kuikira mazira a zigoba zolimba.