Jakisoni wa dzanzi pozula dzino ndi mankhwala a BP

Funso: Adokotala, ndimamwa propranolol wa BP komanso Bactrim tsiku lililonse. Sabata yamawa ndikukazulitsa dzino ku Gulupu. Kodi jakisoni wa dzanzi uja sandivuta? Mayi wa ku Chilomoni.

Yankho: Mayi, pitani mukazulitse, koma musanayasamule n'komwe pampando paja, apatseni buku lanu la kuchipatala ndi timapaketi ta mankhwala onse amene mukumwa.

Jakisoniyo kawirikawiri amakhala lidocaine wosakaniza ndi adrenaline, amene amafinya mitsempha ya magazi kuti dzanzi lisathe msanga. Nkhani yagona apa: adrenaline amafinya mitsempha ina, ina n'kuitakasa. Propranolol amatseka mbali yotakasayo, n'kutsala yofinya yokha. BP imakwera, mtima n'kumagunda mochedwa. Propranolol yemweyo amachepetsanso magazi opita kuchiwindi, ndiye lidocaine amachedwa kuchoka m'thupi. N'chifukwa chake kwa anthu ngati inu adrenaline sapitirira 0.04 mg, omwe ndi pafupifupi timabotolo 2 ta jakisoniyo ta 1.8 ml, ta mphamvu ya 1:100,000, ndipo BP amaiyezanso pakapita mphindi zingapo atabaya koyamba. Chonde musasiye propranolol panokha poopa jakisoni. Kumusiya mwadzidzidzi n'koopsa kwambiri kuposa jakisoniyo.

Bactrim ndi lidocaine sizilimbana kwenikweni. Jakisoni wa dzanzi amene timamupewa ndi prilocaine, chifukwa akakumana ndi Bactrim magazi amatha kulephera kunyamula mpweya bwino, milomo n'kuda bii.

Akamabaya, mukamva kulira m'makutu, chizungulire, kapena mkamwa mukumveka ngati mwanyambita chitsulo, kwezani dzanja pompo kuti aleke.